Njinga yamagetsi: ya mota m'tayala kapena ya tcheni? Ndiunikireni ndisanataye ndalama za mtedza

Kabaza wa pa Kamwendo

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga osalembapo kanthu, koma lero ndabwera ndi yanga.

Ndine wa kabaza, siteji yanga ndi pa Kamwendo. Chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi ndili pa Lifo yomweyi, ndipo sindingainyoze, yandimangira nyumba ya malata. Chandifoola ndi mafuta. Nthawi imene petulo anasowa ija ndinagona masiku awiri pamzere ku Boma, ndipo masiku ena ndinkagula wa m'zigubu pamtengo woti ukawerengera madzulo umapeza kuti tsiku lonse wagwirira ntchito mwini chigubu. Ndiye mtedza ndagulitsa, soya ndagulitsa, mayi a kunyumba aikapo zawo za ku banki m'khonde, ndipo mtima wanga uli pa njinga yamagetsi.

Masabata awiri apitawa ndakwera ziwiri zosiyana pa njira imodzimodzi: kuchoka pa Kamwendo kulowera cha ku Kapiri pa tala, kenako kukhotera msewu wafumbi wa kumudzi kwathu. Msewu umenewu uli ndi zonse, tizitunda tondondozana tija tangati malata, mchenga pafupi ndi dambo, ndi chitunda chimodzi chamiyala.

Yoyamba ndi ya msuweni wanga, anakaigula ku Lilongwe. Mota yake ili m'kati mwa tayala lakumbuyo, tcheni palibe. Abale, pa tala njinga imeneyi imakoma. Ukangopotokola dzanja yanyamuka, klatchi palibe, giya palibe, ndipo phee. Ndinkamva matayala okha, mpaka ndinamva mayi wina akuitana mwana wake kuseri kwa nyumba ine ndikudutsa. Manja sanachite dzanzi ngati mmene amachitira ndikachoka ku Boma kufika ku Waliranji.

Titangosiya tala zinthu zinasintha. Ndinali nditanyamula kasitomala wanga wakalekale, mayi wa mwana kumbuyo, kadengu ka tomato kali pamiyendo. Pa malata paja kumbuyo kwa njinga kunayamba kugunda. Sikunali kunjanja kumene tinazolowera ayi, kunali kugunda kwenikweni, du! du! du! ngati wina akusinja ndi munsi pansi pa mpando. Mayi aja anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, tachepetsani moto, chipumi cha mwanayu chikundimenya pamsana." Apo n'kuti ndili pa 30 yokha. Malo omwewo pa njinga yanga ndimadutsa pa 45 wokwera akuyankha foni. Titafika, tomato wa pansi pa dengu anali ataphwanyika, ndipo ndinawachotsera pa mtengo chifukwa manyazi anandigwira.

Yachiwiri ndinabwereka kwa mnyamata wina wogwira ntchito ku bungwe la za ulimi, anandipatsa kwa maola atatu. Iyi mota ili pakati, pamene pamakhala injini, ndipo ili ndi tcheni ngati njinga wamba. Imalira pang'ono, kaphokoso ka tcheni ndi kamluzu ka mota. Pa malata paja inadutsa mwaulemu, tayala lakumbuyo likutsatira nthaka osadumpha. Pa chitunda chamiyala inakwera ndili ndi mng'ono wanga kumbuyo osadandaula. Koma pa mchenga inandiopsa. Imamveka yolemera kutsogolo, handulo inkafuna kundilanda, ndipo nditapatsa moto pang'ono tayala linangozungulira pamodzimodzi n'kukumba. Phazi langa linkafunafuna giya, dzanja likufinya klatchi yomwe kulibe.

Mtengo wa ya tcheniyi ndi wokwera ndithu, kusiyana kwake ndingagule mbuzi zingapo. Ndiye funso langa, makamaka kwa amakaniko ndi amene mwayendapo nazo nthawi yaitali: kugunda kuja ndi chibadwa cha njinga za mota m'tayala, kapena ndi ma shock chabe oti munthu angasinthe? Masipoko ake angapirire matumba awiri a chimanga? Nanga dzinja likafika, dambo lija litadzadza, iti ingaoloke? Sindikufuna zothamanga, ndikufuna njinga yoti wokwera akatsika adzandifunenso mawa.

Makaniko wa ku Kasungu

Achimwene a pa Kamwendo, mwafunsa funso la munthu amene wakweradi njinga, osati wongoona zithunzi pa Facebook. Ine ndimakonza njinga kuno ku Kasungu, ndipo zamagetsi zadutsapo zingapo m'manja mwanga.

Kugunda kuja si ma shock okha. Ganizani chonchi. Mutasenza mwala wa makilo khumi pamutu mungathamange nawo m'mizere ya m'munda, miyendo imapinda n'kumeza mabampu. Koma mwala womwewo muumange kuphazi, muone ngati phazilo lingadzuke n'kutera msanga pa mzere uliwonse. Shock imanyamula zonse zimene zili pamwamba pake: felemu, batire, inu ndi wokwera. Zimene zili pansi pake, tayala ndi zonse zomangidwa ku tayalalo, zimayenera kukhala zopepuka kuti zikwere ndi kutsika mofulumira. Mota ikalowa m'tayala, mwala uja wapita kuphazi. Ndinachita chidwi tsiku lina n'kuika pa sikelo ya ogula mtedza: tayala lakumbuyo la njinga ya mota m'tayala linakwana makilo 24, la Boxer linali pafupifupi theka lake. Tayala lolemera chonchi likamenya bampu limaponyedwa m'mwamba ndi mphamvu, shock imalephera kulibweza msanga, ndiye limatera bampu yachiwiri itafika kale. Ndi du! du! munamva uja. Choopsa si msana wokha. Nthawi imene tayala lili m'malere silikugwira pansi, ndiye mukamanga buleki kapena kukhota pa malata njinga imatsetsereka kumbuyo.

Shock yabwino imachepetsako, sindikukana. Zambiri zotchipa zimabwera ndi ma shock omwe ndi sipuling'i chabe, m'kati mulibe choletsa chenicheni. Koma kuchepetsa si kuthetsa.

Za masipoko. Mota imadya malo pakati pa tayala, ndiye masipoko amakhala aafupi kwambiri ndipo amalowa mopendekera. Sipoko lalifupi silimvera, limangothoka. Ndamangapo tayala limodzi kawiri m'miyezi inayi, la munthu wonyamula makireti a zakumwa njira ya ku Chamama. Ndipo masipoko a saizi imeneyo simungawapeze pa golosale ya zipangizo iliyonse. Zina zimabwera ndi limu lachitsulo lopanda masipoko, koma limenelo likapindika pa dzenje ndiye mwapinda ndi nyumba ya mota yomwe. Kuphulika kwa tayala nakonso ndi ntchito: mawaya a mota amatulukira pa akiselo, wokonza wosadziwa akakoka mwankhanza amadula waya wina wochepa ngati ulusi, njinga n'kungoti zii.

Pa chitunda nkhani ndi kutentha. Mota ya m'tayala imazungulira liwiro limodzi ndi tayala. Mukamakwera pang'onopang'ono ndi matumba awiri, mota ikuyenda pang'onopang'ono koma ikumwa magetsi ambiri, ndipo ambiri mwa magetsiwo akusanduka kutentha m'kati mwa chitini chotsekeka. Ya pakati imazungulira mothamanga, tcheni ndi ma sprocket n'kumachepetsa liwirolo kulisandutsa mphamvu yokoka. Ubwino wina, mukaona kuti kwanu n'kwa zitunda mumangoika sprocket yaikulu kumbuyo, liwiro latsikako, mphamvu yakwera. Pa inayo mulibe chosintha.

Ndisaiponderezenso kwambiri. Ya mota m'tayala ilibe tcheni choti muzithira oyilo, kukunga kapena kugula, ndipo fumbi la kwanuko limadya tcheni ngati chiswe. Kwa mphunzitsi woyenda pa tala kuchoka mtauni muno kupita ku Chinkhoma ndi kubwerera, ndingamuuze kuti agule imeneyo. Kabaza wa kumudzi ndi nkhani ina.

Za mchenga musaimbe mlandu mota ya pakati, ndi dzanja lanu. Injini ya petulo imayamba mofooka n'kumakula, ndipo klatchi imakupatsani mpata wonyengerera. Mota yamagetsi imapereka mphamvu yake yonse kuyambira poima. Zambiri zili ndi kabatani kosankhira mayendedwe, 1, 2, 3 kapena Eco. Pa mchenga ndi m'matope ikani pa yofooka kwambiri, lowani muli kale ndi kaliwiro, khalani chakumbuyo, ndipo musatseke moto mwadzidzidzi. Koma muonenso pamene batire lakhala. Likakhala m'munsi pakati pa miyendo njinga imamvera pokhota, likakwezedwa pafupi ndi pamene pamakhala thanki ndiye handulo imalemeradi.

Musanapereke ndalama werengani chimene chalembedwa pa batire. Muchulukitse ma V ndi ma Ah. 72V ndi 45Ah zikupatsani 3,240, ndiwo 3.24 kWh, ndipo imeneyo ndiye thanki yanu. Ogulitsa amakonda kutchula makilomita, koma makilomita awowo anayesedwa ndi munthu mmodzi wopepuka pa msewu wosalala. Akakuuzani kuti m'kati muli mabatire a asidi angati a sola aja, tembenukani muzipita: ndi olemera ndipo ntchito ya kabaza sangaipirire. Mwa a lithium, a LFP amalemerako koma amapirira kutentha ndiponso kutchajidwa kambirimbiri kuposa a NMC. Kwa inu wotchaja tsiku ndi tsiku, komanso ndi dzuwa la mu Okutobala, ndingasankhe LFP.

Mlangizi wa zaumoyo, Mkanda

Bambo makaniko, zambiri mwanena zoona, koma mwaiweruza mwankhanza njinga yanga. Ine ndili ndi ya mota m'tayala, chaka ndi miyezi itatu tsopano, ndipo misewu ya kuno ku Mkanda aliyense akuidziwa. Ndimayenda nayo m'midzi ku sikelo ya ana, kumbuyo kuli kabokosi ka katemera ndi mabuku. Sipoko silinathokepo ngakhale limodzi. Mwina chifukwa katundu wanga ndi wopepuka, komanso Loweruka lililonse mwana wanga amagogoda masipoko ndi sipanala kumvera lomwe lalira mosiyana, n'kulikunga.

Achimwene a kabaza, funsani msuweni wanuyo kuti anapopa mpweya wochuluka bwanji. Yanga itangobwera inkandigunda chimodzimodzi, mpaka ndinkafika ku ntchito mutu ukuwawa. Anyamata opopa matayala amapopa mpaka tayala likhale gwa ngati mwala, poganiza kuti akukuchitirani zabwino. Nditaphungula pang'ono, kugunda kunachepa kwambiri. Musaphungule mopitirira, limu lingamenye mwala n'kutsina chubu.

Chimene palibe wakuuzani ndi ichi: kukhala chete kwa njingazi n'kokoma komanso n'koopsa. Mbuzi, nkhuku, ana, ngakhale anzathu a njinga zakapalasa anazolowera kumva injini ikubwera n'kupatuka okha. Mwezi wanga woyamba ndinatsala pang'ono kugunda agogo ena atasenza nkhuni. Anali pakati pa kanjira, ine ndikubwera kumbuyo ndikuganiza kuti andimva, iwo osadziwa kanthu. Ndinamanga mabuleki onse, njinga inaima chala chimodzi kuchokera pa chitenje chawo. Atatembenuka anangoti, "Mwanawe, ukuyenda ngati mfiti bwanji?" Ndinanjenjemera mpaka kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo chala changa sichichoka pa hutala, ndipo ndimaliza ndili patali kuti munthu asadzidzimuke n'kulumphira komwe ndikudutsa.

Za madzi, ine sindiolotsa njinga pamene madzi afika pa akiselo. Pamenepo m'pamene mawaya amalowera mu mota. Dzinja lathali ndinkazungulira njira yaitali, kapena kuisiya kwa a mfumu kutsidya lino n'kuoloka wapansi. Ndipo musamaitsuke ndi madzi a mphamvu a kotsukira magalimoto, nsanza yonyowa ndi yokwanira.

Koma ndinene chilungamo. Tsiku lina ndinanyamula mayi woyembekezera kupita naye ku chipatala, ndipo ndinayenda ngati kamba chifukwa bampu iliyonse ankaimva. Mukanakhala ngati ine woyenda nokha ndikanati gulani yotchipayo. Inu mukugulitsa mpando wakumbuyo.

Mwana wa ku Santhe

Ndiikepo zimene ndinaona ndi maso ku Nairobi, komwe ndinakhala miyezi isanu ndi itatu pa maphunziro. Kumeneko akabaza amawatcha boda boda, ndipo njinga zamagetsi si zachilendonso. Ndinakwerapo kangapo Roam Air, yomwe imapangidwa ku Kenya komweko. Mota yake ili pakati ndipo imayenda ndi tcheni, monga yachiwiri munayesa ija. Batire lake limodzi linali la 3.24 kWh, ngati chitsanzo cha amakaniko chija, limachotseka, ndipo njingayo ili ndi malo a mabatire awiri. Mu 2024 njinga ya mtundu umenewu inayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 6,000 kuchoka ku Nairobi mpaka ku Stellenbosch ku South Africa, mabatire akutchajidwa ndi dzuwa, ndipo inadutsa m'Malawi momwe muno.

Chimene ndinaona n'chakuti amene anakhala pansi kupangira njinga munthu wa kabaza anaipanga kuti ifanane ndi Boxer: matayala aakulu, mpando wautali wosalala, keriyala yolimba. Zambiri zimene zikubwera kwathu kuno zinapangidwira munthu wa mtauni wopita ku ofesi, matayala ang'onoang'ono ngati a wilibala. Tayala laling'ono limagwera m'dzenje lililonse, la mainchesi 17 kapena 18 limadutsa pamwamba. Muyang'anenso zimenezo, achimwene, si mota yokha.

Kusiyana kwina ndi kwa batire. Makampani ngati Ampersand, yomwe inayambira ku Kigali, ndi Spiro ali ndi malo osinthira: wafika, watsitsa lakutha, wakweza lodzadza, walipira, wapita, mphindi zochepa chabe. Ku Rwanda boma linafika posiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zochitira kabaza mumzinda wa Kigali kuyambira Januwale 2025. Inu pa Kamwendo mudzakhala mukutchaja nokha pa soketi, ndiye batire lochotseka ndi lofunika kwambiri, kuti lina lizitchajidwa pa shopu inu muli pa msewu ndi linzake.

Wa ngolo ku Kapiri

Nonse mukukamba za msana ndi masipoko, za magetsi bwanji simukunena? Batire la saizi imeneyo limafuna maola anayi kapena kuposa pa tchaja wamba. Magetsi akazima madzulo n'kuyaka mbandakucha, mawa lake tsiku la msika mudzagwira ndi chiyani? Petulo akasowa pamakhala wa chigubu, magetsi alibe chigubu. Ndipo controller, kabokosi kowongolera magetsi opita ku mota, ikapsa mukaipeza kuti, pa Kamwendo pomwepo? Pulagi ya Lifo ngakhale pa Nkhwazi mwaipeza. Ine ndikuti musagulitse njinga yakaleyo. Mukagula yamagetsi ikhale yachiwiri.

Makaniko wa ku Kasungu

A ku Kapiri sakunama, makamaka pa controller. Wogulitsa akuonetseni ndi maso controller, tchaja ndi chogwirira cha moto zili pa shelefu, osati zoti "tidzaitanitsa". Koma muwerengenso mbali inayo: kudzadza batire lija kumadya mayunitsi osakwana anayi. Fananizani mtengo wa mayunitsi anayi ndi malita awiri a petulo, muona chifukwa chake achimwenewa sakugona tulo.

Mayi a ku Mkanda, za mpweya mwandikumbutsa, ndinaiwala. Koma achimwenewa akakweza matumba awiri adzafunika kupopanso kwambiri kuti limu lisamenye, ndiye kugunda kwabwerera.

Kabaza wa pa Kamwendo

Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha. Dzulo ndinabwerekanso ya msuweni ija. Mayi a ku Mkanda, munalondola, tayala linali gwa. Titaphungula ndinadutsa pa malata paja ndekha pa 40 ndipo zinali zopiririka. Kenako ndinapopanso n'kumanga matumba awiri a chimanga, makilo 100, kupita nawo ku chigayo kudzera pa chitunda chamiyala. Inakwera, sindinama, koma chapakati inayamba kufooka ngati ng'ombe yotopa. Nditafika pamwamba ndinatsika n'kuika dzanja pa mota. Sindinathe kuwerenga mpaka zitatu, ndinachotsa. Apo n'kuti ili 9 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Pobwerera ndinagogoda masipoko ndi kiyi monga amachitira mwana wanu, awiri analira mofooka. Ndamuuza msuweni awakunge.

Ya tcheni ija mnyamata wa ku bungwe anandilola kuibwereza pa mchenga. Kabatani kalipodi, kanali pa 3 tsiku lija. Nditaika pa 1 n'kukhala chakumbuyo ndinaoloka kawiri osatsitsa phazi.

Ndiye ndatsimikiza, ndidikira ndigulitse fodya wotsalayu ndionjezere, nditenge ya mota pakati, ya matayala aakulu ndi batire lochotseka. Lifo sindigulitsa, a ku Kapiri ndakumverani. Mng'ono wanga aziyenda nayo, ndipo tsiku lopanda magetsi ndiziilanda. Mwini shopu ya mafiriji pa siteji pathu wavomera kuti ndizitchajira kwa iye n'kumamulipira mayunitsi.

Bambo makaniko, chatsala ndi chimodzi. Ya ku bungwe ija ndinawerenga mano a sprocket yakumbuyo, koma sindikudziwa ngati ma sprocket ndi tcheni za Boxer zingalowe, kapena zimafuna zakezake. Lachisanu ndikuperekeza mabelo a mlamu wanga ku Chinkhoma, ndingathe kupitirira mpaka mtauni ndi zithunzi zake mu foni. Mumatsegula nthawi yanji?